Tapu imakonza mazinga, sibweza chitsulo chimene chachoka

Mwezi watha bambo wina anabwera ku galaja kwathu ku Kalingalinga ndi Corolla imene inkatsokomola ikakwera phiri. Anali atasinthitsa mapulagi m'mbali mwa msewu, ndipo amene anagwira ntchitoyo anawonjezera paipi pa sipanala kuti amange zolimba. Pulagi yachitatu nditaigwira inangozungulira osagwira kanthu. Nditaitulutsa, m'mizere yake munali timawaya tonyezimira ta aluminiyamu. Amenewo anali mazinga (mizere yozungulira imene pulagi imamangirira) a m'hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, atasololoka onse. "Amisiri, ingolowetsanimo tapu basi," anatero bambowo. Ndinawauza kuti pamenepa tapu yokha sithandiza, ndipo ambiri sadziwa chifukwa chake.

Tapu imaoneka ngati bawuti yokhala ndi ngalande m'litali mwake, ndipo imadula mazinga m'kati mwa bowo. Dayi ndi mnzake, yooneka ngati nati, imadula mazinga akunja pa bawuti kapena pa sitadi (bawuti yopanda mutu, ngati imene imagwira gudumu). Zonse ziwiri ntchito yake ndi kusema. Ngati mazinga apindika, achita dzimbiri kapena adzaza mwaye, zimawawongola ndi kuwayeretsa. Koma ngati atuluka ndi pulagi, palibenso chosema, ndipo mukaumirira mungokuza bowolo.

Musanagwire chida, dziwani saizi. Mapulagi ambiri a injini ngati iyi ndi M14 x 1.25. Nambala 14 ndi kunenepa kwake mu mamilimita, 1.25 ndi mpata wa pakati pa zinga limodzi ndi linzake. Nambala yachiwiriyi ndi imene imapusitsa anthu. Masitadi a magudumu a Toyota zambiri ndi M12 x 1.5, pamene Nissan zambiri ndi M12 x 1.25. Pamaso n'zofanana. Nati ya Nissan pa sitadi ya Toyota imalowa kawiri kapena katatu kenako n'kulimba, ndiye munthu amati ndi dzimbiri n'kuikakamiza. Chimodzimodzi M10: mabokosi otchipa a matapu nthawi zambiri amakhala ndi 1.5, koma magalimoto a ku Japan amene adzaza mu Lusaka amagwiritsa ntchito kwambiri 1.25. Kachida koyezera mazinga, kokhala ndi timasamba tamano ngati chipeso, n'kotchipa poyerekeza ndi hedi. Ngati mulibe, gundanitsani tapu ndi bawuti yakale muziyang'ana kowala. Mano akalumana osasiya mpata, saizi ndi yomweyo.

Tapu imayambidwa ndi zala, itaima chilili, osati ndi mphamvu. Ikagwira, zunguzani theka kutsogolo, bwererani pang'ono kuti tizidutswa tiduke, kenako pitirizani. Pa chitsulo thirani oyilo, pa aluminiyamu palafini amachita bwino. Mukamva yalimba mwadzidzidzi, imani ndi kuitulutsa. Tapu ndi yolimba kwambiri koma sipindika, imangothyoka, ndipo ikathyokera m'bowo la injini dirilo wamba siyiboola. Ndinathyolapo imodzi ya M6 ndili wophunzira, ndipo kuitulutsa kunatitengera tsiku lathunthu. Mpaka lero dzanja langa limapepuka ndikagwira matapu ang'onoang'ono.

Bowo la pulagi lili ndi vuto lake lina, chifukwa pansi pake ndi pisitoni. Timadzaza girizi m'ngalande za tapu kuti tizidutswa timatirire, timaitulutsa pafupipafupi n'kupukuta, ndipo timaonetsetsa kuti mavavu atsekeka ndiponso pisitoni yatsika kuti tapu isaigunde. Pomaliza timapopera mpweya. Ngati bowo laonongeka kwambiri, ine ndimakonda kuchotsa hedi n'kugwira ntchito patebulo, ngakhale mwini galimoto adandaule ndi mtengo wa gasiketi.

Corolla ija tinaiika Helicoil. Ndi kawaya kolimba kopotedwa ngati sipuling'i. Bowo limakuzidwa pang'ono, limadulidwa ndi tapu yapadera ya m'bokosi la Helicoil, kenako kawayako kamalowetsedwa n'kukhala mazinga atsopano a saizi yakale. Pulagi wamba imalowa monga kale. Ikaikidwa mowongoka imagwira bwino kuposa aluminiyamu imene inalipo. Njira zina zimene ndimaziona, monga kukulunga tepi ya mapaipi a madzi kapena kumata ndi guluu, pa pulagi sizipirira moto ndi mphamvu ya injini.

Pali mazinga amene sindikonza. Sitadi ya gudumu ikadyeka, dayi ikhoza kuioneketsa bwino koma yatsala yopyapyala. Minibasi yodzaza anthu pa Kafue Road siyenera kudalira sitadi yotero, choncho timaisintha. Mabawuti a hedi ndi a makonirodi (zitsulo zogwira mapisitoni) nawonso timagula ena.

Bambo aja atabwera kudzatenga galimoto ndinawapatsa pulagi kuti alowetse okha. Ndinawauza kuti injini ikhale yozizira, ayambe ndi zala mpaka pulagi ikhale pansi, ndipo ikakana isanafike ayitulutse ayambirenso. Sipanala ibwere pomaliza, makamaka torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), pafupifupi 20 mpaka 25 Nm (muyezo wa mphamvuyo) pa pulagi ya M14 kapena monga buku la galimotoyo likunenera. Anazunguza pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana modabwa. "Kodi imalowa mofewa chonchi?"