Othawa kwawo akawoloka pa Muloza, nkhani ndi ya khonsolo kapena ya ku Capital Hill?

Lamulo la dziko lino loona za anthu othawa kwawo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989, limasiya chilichonse m'manja mwa boma lalikulu. Kunena kuti uyu wathawadi nkhondo, uyu wangobwera kudzafuna ganyu, ndi ntchito ya komiti ya ku Lilongwe. Kusankha poika kampu, kukambirana ndi bungwe la UNHCR, kulamula kuti anthu asamuke kapena abwerere kwawo, zonsezi zimadzera ku nthambi yoona za othawa kwawo, yomwe ili pansi pa unduna wa za chitetezo cha m'dziko. Koma munthu amene wawoloka kuchokera ku Milange usiku, mwana kumsana mtolo pamutu, safikira ku Capital Hill. Amafikira pakhomo pa nyakwawa, amatunga pa mjigo wa m'mudzi, mwana akatentha thupi amapita naye ku chipatala chaching'ono chomwecho chimene inu mumapitako. Zinthu zonsezi woziyang'anira ndi khonsolo. Ife amene tagwirapo ntchito yokonza mapulani a chitukuko m'makhonsolo timadziwa kuti mkangano wa boma laling'ono ndi lalikulu umayambira pamenepa: wolamula ndi wina, wosenza katundu ndi wina.

Chinabweretsa zimenezi n'chakuti tikuyendera malamulo awiri obadwa nyengo zosiyana. La 1989 linalembedwa m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu ochoka ku likulu sankafunsidwa mafunso. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1987, dziko la Malawi linali litavomereza pangano la 1951 la mayiko onse lokhudza othawa kwawo, koma linakanako mfundo zina, monga ufulu woyenda ndi kukhala paliponse komanso wolembedwa ntchito. N'chifukwa chake mpaka lero boma limaumirira kuti wothawa kwawo azikhala mu kampu. Kenaka mu 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija ya Mphamvu ku Anthu, yomwe inati sukulu za pulayimale, zipatala za m'maboma, madzi akumudzi ndi mapulani a chitukuko ziziyendetsedwa ndi makhonsolo. Khonsolo inapatsidwa pakamwa, koma lamulo la othawa kwawo silinasinthidwe kuti liziyifunsa. Ndiye a khansala akaimirira mu msonkhano wa khonsolo n'kufunsa kuti, “Bwana DC, kodi anthu awa wawaika m'dera langa ndani?” amakhala akufunsa chinthu chimene lamulo lina likuwapatsa ufulu wofunsa, pamene lamulo linzake silikukakamiza aliyense kuwayankha.

Kuno ku Mulanje nkhaniyi si yachilendo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula kuyambira cha m'ma 1986, anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno, ndipo pofika 1992, chaka chomwe mbali ziwirizo zinasainirana mtendere ku Rome, dziko lino linali likusunga anthu oposa 1 miliyoni. Kumbukirani kuti kalembera wa 1987 anapeza Amalawi pafupifupi 8 miliyoni okha. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Kuno kunali makampu ku Muloza ndi ku Chiringa, nthawi imeneyo Phalombe isanapatuke kukhala boma palokha. Ambiri sanalowe n'komwe mu kampu. Anangokhala kwa abale, poti Mlomwe wa kwa Njema ndi Mlomwe wa ku Milange ndi amodzi, maliro amayendera limodzi, msika wa Limbuli ndi wa onse. Makolo a ambiri a ife anadutsa njira yomweyo kale, pothawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi n'kudzagwera m'thangata ya m'maesiteti. Choncho wina akamati anthu akuno akang'ung'udza ndiye kuti amadana ndi alendo, ine ndimakana. Chimene amang'ung'udzira n'china.

Amene anaona sukulu itasanduka kampu nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa chimene ndikunena, ngakhale kuti omwe anagona m'makalasi aja anali anzathu a konkuno, osati othawa nkhondo. Madesiki atulutsidwa, aunjikidwa pansi pa mtengo, mvula ikuwanyowetsa. M'kalasi ya sitandade 3 mwagona amayi ndi ana, mapoto ali m'mbali mwa khoma, utsi wadetsa bolodi. Zimbudzi zimene anakumbira ana asukulu zadzaza m'masabata ochepa. Pa mjigo mzere wa ndowa umayamba kusanache, ndipo mjigowo ukathyoka, komiti ya madzi ilibe ndalama yogulira chitsulo chifukwa obwera sasonkha nawo, ndipo palibe amene angalimbe mtima kuwauza kuti asonkhe. A gulupu ali ndi kope lolembamo maina, mlangizi wa zaumoyo ali ndi lake, a bungwe lobweretsa ufa ali ndi lawo, ndipo ziwerengero zitatuzi sizigwirizana. A hedimasitala akufuna ana a sitandade 8 abwerere m'kalasi poti mayeso sadikira munthu. Kukhonsolo akuti tikudikira a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku likulu akuti khonsolo ipeze malo osamutsirako anthuwo. Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera, choncho chithunzi chimenechi chinaoneka m'sukulu zambirimbiri. Ikakhala nkhani ya othawa nkhondo zonsezi zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti pamaonjezekera chimodzi: palibe amene amadziwa tsiku lomwe adzachoke.

Za ndalama zili chonchi. Khonsolo ya boma lakumudzi imatolera zochepa payokha, za matikiti a m'misika ndi malaisensi a bizinesi. Zambiri zimachoka ku likulu, ndipo pogawa amayang'ana kwambiri chiwerengero cha anthu amene kalembera anawapeza. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene boma latolera, koma lonjezoli lakhala zaka zambiri osakwaniritsidwa. Tsono anthu 10,000 akafika m'miyezi yochepa, monga zinachitikira ku Kapise m'boma la Mwanza mu 2015 ndi 2016, kapena ku Nsanje kumapeto kwa 2024 pamene ziwawa za zisankho za ku Mozambique zinathamangitsa anthu zikwizikwi, bajeti ya mankhwala sikwera nawo. LA yemwe amayenera kukwana mwezi amatha pa sabata ziwiri, ndipo mayi wa m'mudzimo akabwezedwa pawindo la mankhwala sanena kuti lamulo la 1989 ndi loperewera. Amati obwerawa atimalizira mankhwala. Thandizo la UNHCR ndi WFP limatsata anthu olembedwa, okhala mu kampu; amene wasungidwa kwa mlamu wake sali m'buku la wina aliyense. Ndipo thandizolo nalo si lodalirika: ku kampu ya Dzaleka WFP yakhala ikudula chakudya chifukwa chosowa ndalama, mpaka kufika pa theka la mlingo mu 2023.

Koma fupa lenileni ndi malo, makamaka kwa ife a Mulanje ndi Thyolo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, ndipo nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi, phiri nalo latenga gawo lake. Awa ndi maboma amene pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004 ndi ndalama za World Bank, inasamutsamo mabanja zikwizikwi kupita ku Machinga ndi Mangochi chifukwa chosowa polima. Boma lomwe latumiza ana ake kukafuna minda kwina, mukaliuza kuti lipereke mahekitala a kampu, musadabwe likafunsa mafunso. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makomiti a malo m'midzi, ndipo boma likafuna malo otere pa ntchito yokomera dziko liyenera kupereka chipukuta misozi. Pa ngozi yadzidzidzi zimenezi sizitsatidwa bwino. Galimoto zimafika, a mfumu amapemphedwa pakamwa kuti abwereke malo kwa kanthawi, iwo poopa kuoneka ouma mtima amaloza dambo kapena munda wa wina amene ali ku Joni. Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo a mfumu amavomera ali ndi maganizo amenewo. Koma taonani mbiri. Dzaleka, yomwe kale inali ndende ya andale, inatsegulidwa ngati kampu mu 1994 kuti isunge anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Lero muli anthu oposa 50,000, ana obadwira momwemo ali ndi ana awo. Luwani ku Neno inatsekedwa mu 2007, n'kutsegulidwanso mu 2016. Nyamithuthu ku Nsanje inasunga othawa nkhondo ya Renamo, ndipo pamene anthu anawolokanso kumapeto kwa 2024 boma linakumbukira malo omwewo. Malo akangolembedwa kamodzi m'mabuku a boma kuti ndi a kampu, sabwereranso kwenikweni m'manja mwa mudzi. Anthu a ku Katili m'boma la Karonga anakana cha m'ma 2016 ndi 2017 pamene boma linkafuna kutsegula kampu yatsopano kumeneko yopepukitsa Dzaleka, ndipo pulaniyo inafera m'njira. Kenaka boma linatchula Kayilizi ku Chitipa.

Nalo boma lalikulu lili ndi zifukwa zake, ndipo si zopanda pake. Dziko likasaina pangano, silingabweze munthu kumene akaphedwe, ndipo udindo umenewo sungasiyidwe kuti uzidalira mavoti a makhansala. Khonsolo iliyonse itapatsidwa mphamvu yokana, palibe imene ingavomere, chifukwa wothawa kwawo savota pamene wodandaula za nkhuni ndi mjigo amavota. Aphungu nawo, omwe kuyambira 2010 amavota m'khonsolo, amadziwa bwino kuti kukana kampu kumachititsa anthu kuwaombera m'manja pa msonkhano. Pali nkhani ya chitetezo, ya mfuti zolowa m'njira zachidule, yomwe ndi ya apolisi ndi asilikali osati ya khonsolo. Vuto ndi kachitidwe kake. Mu May 2023 boma litayamba kugwira othawa kwawo omwe ankachita malonda m'matauni ndi m'misika n'kuwabwezera ku Dzaleka, lamulo linachoka ku likulu, koma misika imene mashopu anatsekedwamo ndi ya makhonsolo, ndipo kumene anthuwo anakatsitsidwa ndi ku Dowa, komwe madzi ndi malo zinali zoperewera kale. Womvetsa chisoni pa zonsezi ndi DC. Amamusankha ndi a ku likulu, koma tsiku ndi tsiku amakhala ndi makhansala ndi mafumu. Foni ikalira kuchoka ku Lilongwe sangakane, akalowa mu holo ya khonsolo mafunso onse amagwera iye.

Maganizo anga ndi akuti khonsolo isakhale ndi mphamvu yotsekera chitseko munthu wothawa imfa, koma ikhale ndi liwu lolembedwa m'lamulo pa za malo, nthawi ndi ndalama. Lamulo la 1989 lakhala likuunikidwanso, ndipo mwayi wolowetsamo zimenezi ndi uno. Khonsolo za m'malire monga Mulanje, Thyolo ndi Phalombe zimakonza kale pulani ya ngozi zogwa mwadzidzidzi mvula isanayambe. Mu pulani imeneyo mukhale dzina la malo ofikirapo alendo, osati sukulu, ogwirizana ndi mwini munda ndi komiti ya malo, ndipo pepala linene kuti abwerekedwa kwa miyezi ingati, chipukuta misozi ndi zingati, adzabwezedwa bwanji. Munenedwenso kuti chiwerengero cha obwera chikapitirira pakuti, mankhwala ndi ndalama zokonzera mijigo zidzachoka ku thumba liti, kuphatikizapo za awo amene asungidwa m'makomo a abale. Wokhala ku Muloza kapena ku Thekerani angathe kufunsa a khansala ake pa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko cha m'dera, ngati pulani ya chaka chino ili ndi zimenezi, ndipo apemphe kuti amuonetse tsamba lake.