Second Lieutenant si wamkulu kuposa Lieutenant

Ma officer cadet, omwe ndi ophunzira uofisala wa usilikali, akamaliza maphunziro ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya kuno ku Salima, pamalo okwerera kabaza ku Kamuzu Road pamamveka nkhani yakuti mwana wa uje "walumpha", wapatsidwa Second Lieutenant, ndiye kuti waposa Lieutenant. Ayi ndithu. Mawu oti "second" ndi amene akusokoneza anthu. Uwu ndiye udindo woyambira wa maofisala m'gulu lankhondo la Malawi: nyenyezi imodzi paphewa. Lieutenant ali ndi ziwiri, Captain zitatu.

Ena amati poti ndi mwana wa dzulodzulo, sajeni ndiye bwana wake. Izinso n'zabodza. Ofisala amapatsidwa komishoni, yomwe ndi mphamvu ya uofisala, m'dzina la Pulezidenti, yemwe ndi mkulu wa asilikali onse, n'chifukwa chake ngakhale sajeni wa imvi amamuchitira sawatcha mnyamata wopanda ndevuyo. Ulemuwo ndi wa komishoniyo, osati wa zaka zobadwa.

Ntchito yake n'kutsogolera pulatuni, kagulu ka asilikali pafupifupi 30. Koma kunena zoona, m'miyezi yoyamba wochenjera amatchera khutu kwa sajeni wake, amene adayenda kale m'tchire ndipo amadziwa msilikali aliyense ndi khalidwe lake.