Pulojekiti ikatha, timaiyeza ndi mlingo wanji?

Lipoti lomaliza la pulojekiti ya chitukuko limakonda kuyamba ndi manambala okoma: mijigo yochuluka chonchi yakumbidwa, aphunzitsi ochuluka mwakuti achita maphunziro, mabuku agawidwa m'sukulu. Ntchito yanga ndi yochita kauniuni wa mapulojekiti otere, ndipo ndikafika pa tsamba limeneli ndimadziwa kuti ndikuwerenga za komwe ndalama zinapita. Za moyo wa anthu ndimakhala ndisanamvepo kanthu. Mjigo ukhoza kukumbidwa, ana n'kumatsekulabe m'mimba monga kale.

N'chifukwa chake pali miyezo imene maiko opereka thandizo anagwirizana. Mizu yake ili m'chaka cha 1991, pamene komiti ya DAC, yoona za thandizo la chitukuko m'bungwe la OECD, la maiko ambiri otukuka, lomwe likulu lake lili ku Paris, inalemba mfundo zounikira thandizo la chitukuko. Kwa zaka zambiri miyezoyi inali isanu, kenaka mu Disembala 2019 anawonjezera wina. Yonse ndi mafunso wamba. Kodi ntchitoyi ndi imene anthu ankaisowadi? Kodi yakwaniritsa zolinga zake? Kodi ndalama ndi nthawi zagwiritsidwa ntchito mosasakaza? Kodi yasintha chiyani chachikulu, chabwino kapena choipa, choyembekezeka kapena chongotulukira? Kodi phindu lake likhalitsa? Wa mu 2019 uja umafunsa ngati pulojekiti ikuyenda limodzi ndi ntchito za boma ndi za mabungwe ena, chifukwa zimachitika kuti mabungwe atatu athamangira chipatala chimodzi, aliyense ndi mafomu ake, namwino n'kumathera tsiku pa mapepala.

Mafunso a zolinga ndi a ndalama savuta kwenikweni, malisiti ndi makaundula amayankha. Pomwe pagona nkhani ndi pa funso la kusintha. Zokolola zikakwera m'dera la pulojekiti ya ulimi, eni pulojekiti amafulumira kunena kuti ndi ntchito yawo. Nanga ngati chaka chimenecho mvula inagwa bwino paliponse? Wounika amayenera kufunsa kuti zinthu zikanakhala bwanji pulojekitiyo ikanapanda kubwera, ndipo yankho lake limapezeka poyerekeza ndi anthu ofanana nawo amene sanalandire thandizolo.

Boma la Mexico linaonetsa njira. Mu 1997 linayambitsa ndondomeko ya Progresa, yopereka ndalama kwa amayi a m'mabanja osauka malinga ngati ana akupita kusukulu ndi kuchipatala. Poti sakanatha kufikira midzi yonse nthawi imodzi, anatenga midzi 506 n'kuchita maere: 320 inayamba kulandira, 186 inadikira kaye. Kusiyana kwa magulu awiriwa kunaonetsa poyera kuti ana ambiri anakhalabe pasukulu, makamaka atsikana a msinkhu wa kusekondale. Boma litasintha mu 2000 ndondomekoyi inapitirira, ndipo dzina lake linadzasintha kukhala Oportunidades.

Kuyerekeza kotereku kumavumbulanso zowawa. Kumadzulo kwa Kenya, m'zaka za m'ma 1990, katswiri wa zachuma Michael Kremer ndi anzake anatsatira sukulu zina zimene zinalandira mabuku ndi zina zimene zinali zisanalandire. Aliyense ankayembekezera kuti mabuku akweza kakhozedwe ka ana. Anapindula ndi ana okhawo amene ankakhoza kale, chifukwa mabukuwo anali m'Chingerezi, chomwe kwa ana ambiri chinali chiyankhulo chachitatu. Lipoti longowerenga mabuku ogawidwa likananena kuti zonse zayenda bwino. Ndinene pano kuti maere sagwira paliponse. Msewu waukulu kapena kusintha kwa lamulo sungakugawe pa maere. Pamenepo wounika amalondola ndondomeko yonse, kuchokera pa ndalama kukafika pa munthu, n'kumachotsa zifukwa zina chimodzichimodzi.

Funso limene limandisowetsa mtendere ndi la kukhalitsa. Kauniuni womaliza amachitika miyezi yotsiriza ya pulojekiti, magalimoto akadayenda, antchito akadalandira malipiro. Wounika amangolosera za mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndi mabungwe ochepa amene amasunga ndalama zobwererera patapita zaka zitatu kapena zisanu. Taganizirani za PlayPump, mpope wopangidwa ngati chidole chozungulira, woti ana akamasewerapo madzi azikwera m'thanki. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mipope imeneyi ifalikire mu Africa. Pa chithunzi cha tsiku lotsegulira unkaoneka wosangalatsa. Anthu atabwerera m'midzi ya ku Mozambique anapeza ana atatopa nawo, amayi akukankha okha chitsulo cholemera, mipope ina itafa kwa miyezi popanda woikonza. M'malo ena mpopewu unali utalowa m'malo mwa mjigo wopopa ndi manja umene anthu ankatha kuukonza okha. Pofika 2010 ena mwa amene anaikapo ndalama anavomereza poyera kuti zinalakwika.

Liwu loti ubwenzi, limene timalimva m'zolankhula za akuluakulu, nalonso lili ndi mlingo wake. Mgwirizano wa ku Paris wa mu 2005, womwe unalimbikitsidwa ku Accra mu 2008 ndi ku Busan mu 2011, unati dziko lolandira thandizo ndilo lizitsogolera, opereka azitsata mapulani a dzikolo, ndipo mbali zonse ziwiri ziziyankha pa zomwe zinalonjeza. Choncho kauniuni wachilungamo amafunsanso wopereka: kodi ndalama zinafika pa nthawi yake? Kodi munakakamiza kuti katundu agulidwe kwanu pa mtengo wokwera? Malipoti ambiri amene ndimawerenga amadumpha mafunso amenewa, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Wolipira wounika nthawi zambiri ndi wopereka thandizo yemweyo. World Bank inayesa kuthana ndi vutoli poika nthambi yake younika, ya IEG, pansi pa bodi ya banki osati pansi pa mabwana oyendetsa mapulojekiti. Miyezo ya mabungwe a United Nations, yomwe inalembedwa mu 2005 n'kukonzedwanso mu 2016, nayonso imatsindika kuti wounika akhale womasuka.

Kumasukako kumayambira pa zinthu zazing'ono. Ulendo wina ndinakhala pansi ndi amayi a komiti yoyang'anira madzi, mlangizi wa pulojekiti atakhala pampando pambali panga. Funso lililonse yankho lake linali kuthokoza. Ndinalakwa ndine pomulola kukhalapo. Foni yake italira n'kutuluka, mayi wina wachikulire anatsitsa mawu n'kundiuza kuti m'bokosi la ndalama zokonzera mpope munalibe kanthu kuyambira kale, ndipo sitolo yogulitsa zitsulo zake inali ulendo wa tsiku lathunthu. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanasaine pangano la ntchito ndimapempha zinthu ziwiri zilembedwe: kuti ndidzasankha ndekha midzi yokafikako, komanso kuti zomwe ndapeza zidzawerengedwa kwa anthu a m'midziyo m'chiyankhulo chawo lipoti lisanatumizidwe kwa opereka ndalama.