Richard ndi Mimi Fariña: zimbale ziwiri ndi njinga yamoto

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, achinyamata ambiri a ku America, makamaka a m'mayunivesite, anayamba kusakasaka nyimbo zamakolo. Ankazitola m'malekodi akale komanso kwa nkhalamba za kumapiri a Appalachia, n'kumakaziimba ndi gitala wopanda magetsi m'tinyumba tomwera khofi ku Greenwich Village mumzinda wa New York, kapena ku Club 47 ya ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts. Mu 1959 kunayamba chikondwerero cha nyimbo zoterezi ku Newport, ndipo ndi komwe kunatchukira mtsikana wa zaka 18 dzina lake Joan Baez. Joan anali ndi mng'ono wake, Mimi. Iyeyu ndi mwamuna wake Richard Fariña anaimba limodzi pafupifupi zaka ziwiri zokha, koma zomwe anasiya anthu akuzimverabe.

Richard anabadwira ku Brooklyn mu 1937. Bambo ake anali ochokera ku Cuba, mayi ake a ku Ireland. Anaphunzira pa yunivesite ya Cornell, komwe anapalana ubwenzi ndi Thomas Pynchon, yemwe pambuyo pake anadzakhala mlembi wamkulu wa mabuku. Nayenso Richard mtima wake unali pa zolembalemba. Anali munthu wa pakamwa pokoma, wodziwa kuthira mchere nkhani, moti anzake ankalephera kusiyanitsa zoona ndi zopeka akamawafotokozera za maulendo ake. Zoimba anazilowa kudzera mwa mkazi wake woyamba, woimba wotchedwa Carolyn Hester, yemwe anakwatirana naye mu 1960.

Mimi anabadwa mu 1945. Bambo ake, Albert Baez, anali wasayansi wobadwira ku Mexico, ndipo banjali linkakhala ku Paris chifukwa cha ntchito yawo ku UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. Richard anakumana ndi Mimi ku France komweko mu 1962, ukwati wake woyamba usanathe n'komwe. Mu 1963 anakwatirana mwachinsinsi ku Paris, mtsikanayo asanakwanitse zaka 18, mwamunayo ali ndi 26. Apa makolo a Mimi anali ndi chifukwa chodera nkhawa, ndipo ine sindingawanene. Chaka chomwecho anachita mwambo wina wa ukwati ku California pamaso pa abale, Pynchon ndiye anaperekeza mkwati.

Chomwe chinawasiyanitsa ndi oimba anzawo chinali chida cha Richard, dulcimer. Ndi kabokosi kathabwa kakatali, kopyapyala pakati, ka zingwe zitatu kapena zinayi, komwe woimba amakagoneka pamiyendo. Amene anaonapo bangwe sangavutike kukaganizira. Kumapiri ankakaliza pang'onopang'ono poperekeza nyimbo zachisoni, ndipo ndi momwe Jean Ritchie wa ku Kentucky anakadziwitsira kwa anthu a m'tauni. Richard sanatero. Iye ankakwapula zingwezo mothamanga, dzanja lili phaphapha ngati akuomba ng'oma, n'kumasakanizamo kayendedwe ka nyimbo za ku Cuba ndi za ku Ireland.

Ofotokoza mbiriyi amakonda kuthera nthawi pa Richard, poti ndiye ankalemba mawu komanso kulankhula pamaso pa anthu. Koma tcherani khutu ku zimbale zawo. Woimba weniweni pa awiriwa anali Mimi. Gitala anamuyamba ali mwana, zala zake zinali zaukhondo, ndipo ndiye ankagwira nyimbo kuti isagwe pamene mwamuna wake akuthamanga. Mawu a Richard anali wamba, otsika, opanda zokometsera. A Mimi ankayenda pamwamba, opyapyala koma osaphonya. Mukachotsa gitala ndi mawu amenewo, dulcimer uja atsala akungosokosa.

Awiriwa anaonekera pagulu koyamba pa chikondwerero cha ku Big Sur, ku California, mu 1964, kenako kampani yojambula nyimbo ya Vanguard inawatenga. Mu 1965 mokha anatulutsa zimbale ziwiri, Celebrations for a Grey Day ndi Reflections in a Crystal Wind. Nyimbo zambiri zinali zopeka okha, zina zopanda mawu, ndipo m'zina anaikamo gitala wamagetsi wa Bruce Langhorne. Nthawi imeneyo nkhani ya magetsi inali yowawa. Akuluakulu a zoimbazi ankati nyimbo zamakolo zikalowa magetsi zasanduka malonda. Mkanganowu unaphulika ku Newport mu July 1965, woimba wotchuka Bob Dylan atakwera pansanja ndi bandi ya zida zamagetsi, ena mwa omvera n'kumukuwiza. Masana a tsiku lomwelo Richard ndi Mimi anali ataimba kukugwa chimvula. M'malo mothawa, anthu anavina zovala zili chonyowa.

Richard sankangolemba zachikondi. Pa 15 September 1963, azungu a gulu latsankho la Ku Klux Klan anaphulitsa bomba pa tchalitchi cha anthu akuda cha 16th Street Baptist ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, n'kupha atsikana anayi. Richard anapeka "Birmingham Sunday", momwe anatchula mwana aliyense ndi dzina lake, mmodzimmodzi, pa chuni chakale cha ku Scotland. Mlamu wake Joan anaijambula mu 1964. Kwa ine, imeneyi ndiye ntchito yake yoposa zonse, chifukwa m'nyimboyi munthu wokonda kudzionetsa uja anadzibisa, n'kusiya maina a anawo alankhule.

Buku lomwe analilimbikira kwa zaka zambiri, Been Down So Long It Looks Like Up to Me, linatuluka kumapeto kwa April 1966. Pa 30 April anakasainira owerenga bukulo m'sitolo ina ku Carmel Valley, kenako anapita kuphwando, poti tsikulo Mimi ankakwanitsa zaka 21. Phwando lili mkati, Richard anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya mlendo wina kuti akangozungulira. Njingayo inalephera kukhota, inachoka mumsewu, ndipo Richard anafera pomwepo ali ndi zaka 29. Woyendetsa anapulumuka. Nyimbo zomwe zinatsala zinatuluka mu 1968 pa chimbale cha Memories.

Mimi anakhala wamasiye pa tsiku lake lobadwa. Anayesa kupitiriza, ndipo mu 1971 anatulutsa chimbale ndi woimba wina, Tom Jans, koma za malonda a nyimbo sizinamukomere. Mu 1967 anali atatsekeredwako m'ndende pamodzi ndi Joan chifukwa chochita zionetsero zokana kulemba anyamata usilikali wa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo patapita zaka anaona mmene akaidi a kundende ya Sing Sing anasangalalira woimba wotchuka B.B. King atakawaimbira. Mu 1974 anayambitsa bungwe la Bread and Roses, lotengera oimba m'ndende, m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, kukaimba ulere kwa anthu omwe sangathe kupita kuholo. Analitsogolera kwa zaka zoposa 25, mpaka matenda a khansa anamutenga mu July 2001 ali ndi zaka 56. Bungwelo likugwirabe ntchito m'madera ozungulira San Francisco.