Cardigan: yambani mwaona mtsinje

Alendo amene ndimawaperekeza ku Cardigan, kumadzulo kwa Wales, akangotsika basi amathamangira kujambula linga. Ine ndimayamba ndawaimika pa mlatho wakale kuti aone mtsinje wa Teifi, chifukwa ndiwo unalera tauniyi. Eni ake amaitchula kuti Aberteifi, kutanthauza pamathiriro a Teifi.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 pano panali doko lalikulu ndithu, la zombo zoposa 300. Zinkanyamula miyala yofolerera nyumba, batala ndi mbewu, nthawi zina anthu amene. Mu 1819 chombo cha Albion chinatenga mabanja osauka kupita nawo ku New Brunswick, m'dziko la Canada. Kenako mchenga unayamba kudzaza mtsinje, zombo zikuluzikulu n'kumalephera kulowa. Njanji itafika mu 1886, doko linapitiriza kulowa pansi mpaka linatheratu. Nyumba zosungiramo katundu zikadalipo m'mphepete mwa madzi.

Tsopano linga lija. Pa Khirisimasi ya 1176, Rhys ap Gruffydd, wolamulira chigawochi, anaitanitsa alakatuli ndi oimba kuti adzapikisane m'bwalo lake. Anaika mipando iwiri, wina wa wopambana pa ndakatulo, wina wa woimba. Anthu a ku Wales amati mpikisano wawo wa Eisteddfod unayambira pamenepa, ndipo mpaka lero mlakatuli wopambana amalandira mpando. Chodabwitsa n'chakuti malo olemekezeka chonchi anakhala bwinja zaka zambiri, makoma atachirikizidwa ndi zitsulo kuti asagwere mumsewu. Khonsolo ya Ceredigion inawagula mu 2003, n'kuwatsegulira anthu mu 2015. Kunena zoona, makoma akale otsala ndi ochepa. Musayembekezere zonga linga lalikulu la ku Caernarfon, kumpoto kwa Wales.

Msika uli m'nyumba ya Guildhall ya mu 1860. Mukabwera chakumapeto kwa Epulo mudzapeza Barley Saturday, tsiku limene kale alimi ankadzafuna antchito ndi kusankha mahatchi amphongo. Mahatchiwo amadutsabe mumsewu waukulu.

Chimene ndimakonda ine chili kumtunda kwa mtsinje, ku Cenarth: timabwato totchedwa coracle, tozungulira ngati lichero, tolukidwa ndi timitengo n'kukutidwa ndi nsalu yopaka phula. Asodzi awiri amayenda chammbali, ukonde uli pakati pawo, ndipo akamaliza aliyense amabereka bwato lake kumsana.

Ku Mwnt, pagombe pamene pali katchalitchi koyera, ma dolphin, nyama zam'nyanja zooneka ngati nsomba zikuluzikulu, amaonekera kawirikawiri m'chilimwe. Tengani jekete, mphepo yake simasewera.