Kodi Revolver Zabwino Zinapangidwa Liti?

Revolver ndi mfuti ya m'manja ija imene zipolopolo zake zimakhala m'kachitsulo kozungulira. Ku America kuli anthu amene amazisonkhanitsa n'kuzisunga, ndipo ukawafunsa za nthawi imene zinkapangidwa bwino, ambiri amaloza zaka zoyambira cha m'ma 1930 kufika cha m'ma 1960.

Chimene amatama ndi manja a amisiri. Mu 1935 kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield inatulutsa revolver yoyamba ya mtundu wa .357 Magnum. Wogula ankasankha yekha kutalika kwa mpope, mmisiri n'kupala chitsulo chilichonse mpaka chikhale bwinobwino pamalo pake, ndipo mwini mfuti ankatha kulandira chikalata chokhala ndi nambala yake. Kampani ya Colt ya ku Hartford inabwera ndi revolver yotchedwa Python mu 1955, yopukutidwa mpaka chitsulo chake chakuda chinkawala ngati galasi.

Madandaulo amayambira pamene makampani anayamba kudula ndalama zopangira. Smith & Wesson inali m'manja mwa kampani ina yotchedwa Bangor Punta kuyambira 1965 mpaka 1984, ndipo ambiri amati kumapeto kwa nthawiyi ntchito inkachitika mothamanga. Cha m'ma 1982 anasiya kukhoma kamsomali kogwira mpope. Ku Colt ogwira ntchito ananyanyala kuyambira 1986 mpaka 1990, ndipo mfuti za zaka zimenezo anthu amaziyang'ana kawiri asanagule. Koma chimene chimawapsetsa mtima kwambiri ndi kabowo ka kiyi wa loko yotsekera mfuti kamene Smith & Wesson inayamba kuika pambali pa mfuti mu 2001. Ena sagula n'komwe mfuti yokhala ndi loko imeneyo, ngakhale itakhala yolondola bwanji.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo pang'ono. Kukongola ndi kulimba n'zinthu ziwiri. Chitsulo cha masiku ano n'cholimba kuposa chakale, ndipo makina oyendetsedwa ndi kompyuta amadula mofanana kwambiri moti mmisiri wopala sakufunikanso kwenikweni. Colt Single Action Army yoyambirira, ya 1873, ndi yamtengo wapatali zedi, koma inapangidwira onga wakale; kuikamo zipolopolo zamphamvu zamakono n'kufuna ngozi. Python yakale nayonso ili ndi vuto lake: tizitsulo tam'kati tikaperepeseka, amisiri odziwa kuikonza atsala ochepa. Colt itaibweretsanso mu 2020 inachepetsa tizitsuloto n'kuwonjezera chitsulo pamwamba pa mfutiyo, koma osonkhanitsa akupitirizabe kulipira ndalama zambiri pa yakale.