Agogo oyendayenda usiku akudwala, sanagwe pa lichero

Ndatopa nawo mawu akuti "tawapeza m'mamawa ali maliseche, agwa pa lichero." Pa zaka zimene ndagwira unamwino kuno ku Mchinji, wogwa pa licheroyo amakhala mayi wokalamba, kawirikawiri wamasiye, wopanda mlongo womuikira kumbuyo. Bwanji lichero siligwetsa bambo wa ng'ombe ndi ngolo?

Pali matenda a muubongo otchedwa dementia. Munthu amaiwala njira ya kwawo, amadzuka usiku, amavula zovala, amacheza ndi anthu amene anamwalira kalekale. Mukamuzazira kuti "ndinu munadya mwana uja?" amavomera, poti funsolo sakulimva n'komwe. Amayi amakhalitsa kuposa abambo, n'chifukwa chake ambiri odwala matendawa ndi iwo.

Pali agogo ena amene sandichoka m'mutu. Anabwera nawo pa kabaza patatha masiku anayi atamenyedwa, mkono wothyoka utatupa, bala la pamutu likutuluka mafinya. Masiku anayiwo anathera kwa sing'anga, amene anawatema mphini, kuwamwetsa zosanzitsa kuti ufiti utuluke, n'kulandira mbuzi. Mdzukulu wawo anandinong'oneza kuti nkhani yeniyeni inali dimba la kudambo limene achibale ankalifuna. Ine ndikutsuka balalo, agogowo ankangondifunsa ngati nkhuku zawo zalowa m'khola. Sanathe sabata.

Abambo nkhanza zawo n'zakachetechete. Mkamwini wakhala kwa mkazi zaka 40, mkazi akamwalira amamva kuti "bambo, kaoneni kwanu," kumene minda anagawana kale. Ndalama za Mtukula Pakhomo adzukulu amalanda. Sanena kanthu, akuti mwamuna salira. Timangowaona ataonda, mankhwala a BP atasiya kalekale.

Lamulo lilipo. Kuyambira 1911, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'Malawi muno, ndipo woombeza amene waloza chala nayenso walakwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa wamasiye. Agogo akanenedwa ufiti kapena kulandidwa katundu, pitani ku Victim Support Unit (nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza) kupolisi kapena ku ofesi ya social welfare (yoona za chisamaliro cha anthu), musadikire kuti amfumu aitanitse bwalo sabata ya mawa. Ku Neno mu 2016 anthu anapha okalamba anayi chifukwa cha mphenzi imene inapha mtsikana. Gulu lolusa silidikira bwalo.

Ndipo imvani ichi: agogo akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, dzulo anali bwinobwino, mwina ndi malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo. Zimenezi timayeza ndi kuchiza. Bwerani nawo tsiku lomwelo. Mukayamba mwadzera kwa sing'anga, mumatibweretsera munthu amene wasanza masiku atatu, thupi lauma, moti ngakhale mtsempha woikapo diripu umasowa.